Yambani ndi ngolo, galimoto ibwere pambuyo

Pakati pa ife a ku Malawi amene tikukhala muno mu Harare, nkhani ya galimoto sichedwa kufika pa funso limodzi: Hilux kapena Fortuner? Mukaima panja pa tchalitchi ku Mufakose kapena ku Highfield mapemphero atatha, mupeza abambo atazungulira galimoto ya mnzawo amene wangogula kumene, wina akugogoda tayala ndi nsapato, wina wasuzumira m'boneti. Funsolo ndi labwino, koma limabwera msanga. Munthu amene akufuna galimoto yoti izinyamula banja lake, izikoka ngolo, izikafika kutchire kogona m'matenti, kenako Disembala akafika n'kuoloka Zambezi kupita kumudzi, ayenera kuyamba ndi ngoloyo. Aidzaze monga momwe adzaidzazire pa tsiku la ulendo, apite nayo pa sikelo ya magalimoto, alembe nambala imene yatuluka. Nambala imeneyo, pamodzi ndi chiwerengero cha anthu okwera, ndiyo imasankha galimoto.

Ndikutero chifukwa maulendo a banja ngati langa ali pawiri, ndipo onse ndi olemera. Woyamba ndi wa kutchire: Chivero kumapeto kwa sabata, Nyanga ana akatsekera sukulu, Mana Pools m'thumba mukalola. Wachiwiri ndi wa kwathu, makilomita pafupifupi 600 kuchoka muno kukafika ku Blantyre, kudzera ku Mutoko, Nyamapanda, Changara, Tete, Moatize, Zobue ndi Mwanza. Pa ulendo wachiwiriwu palibe amene amapita chimanjamanja. Mlongo wanu wakupatsani katoni ya kwa amayi, a kumpingo abweretsa thumba la zovala, mnansi wamva kuti mukupita ndipo wafika usiku ndi njinga yoti mukasiye ku Lunzu. Pobwerera ndiye mpunga wa Kilombero, ufa woyera, usipa, mtedza. Kukana n'kovuta, ndipo ine sindiona chifukwa choti tizikana, pakuti ndi mmene takhalira kuyambira nthawi ya makolo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino. Chofunika n'chakuti galimoto ikhale yoti katunduyo iwuthe, ndipo mwini wake adziwe polekezera.

Za kugona m'matenti, apongozi anga aakazi poyamba sanazimvetse. Anandifunsa kuti, “Apongozi, mwavutika zaka zonsezi kumanga nyumba ya njerwa, lero mukufuna tikagone pansi kutchire?” Masiku ano ndi iwo amene amayamba kufunsa za ulendo wotsatira. Ana athu anabadwira muno. Kusukulu ndi Chingelezi, mumsewu ndi Chishona. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo timanyadira, koma mwana amaphunzira chilankhulo pakamwa pa munthu amene wakhala naye pansi. Kunyumba aliyense maso ali pa foni. Ku Nyanga kukada, chisanu chikayamba kuluma, onse amasendera kumoto, agogo n'kuyamba, “Padangokhala,” ana n'kuyankha, “Tili tonse,” ndipo nthano imatha yonse popanda wodzuka. Palinso za ndalama. Banja la anthu 7 likafuna kugona mu loji lifunika zipinda zitatu, pamene malo okhomapo tenti m'mapaki a Zimparks, bungwe la boma losamalira nkhalango ndi nyama zakutchire, ndi otsika mtengo, ndipo nsima mumaphika nokha pa mbaula yanu.

Ndiye chinthu choyamba chimene galimoto yathu iyenera kukhala nacho ndi mpando wa agogo, wa m'kati, wokhala ndi lamba, woti akwere popanda kunyamulidwa. Mwana aliyense nayenso mpando wake ndi lamba wake. Pamenepa sindinyengerera. Pa msewu wa Chirundu ndimaona mapikapu ana atakhala kumbuyo pa matiresi, pansi pa kanope, pakati pa silinda ya gasi ndi mabokosi, ngolo ikugwedera kumbuyo kwawo. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tinakula tikukwera choncho ndipo tilipo. Koma kanope sateteza munthu galimoto ikagubuduka, ndipo dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, silinda ija imathamangira kumene kuli mwana. Msewu umenewo ndi wopapatiza, wokumbika m'mbali, wodzaza ndi mathiraki opita ku Zambia ndi ku Congo. Kuponda mabuleki mwadzidzidzi kumachitika tsiku lililonse.

Tsopano manambala. Wopanga galimoto amapereka manambala awiri a zokoka. Yoyamba ndi ya ngolo yopanda mabuleki akeake, ndipo pa magalimoto ambiri siipitirira makilogalamu 750. Pa ang'onoang'ono imatsika kuposa apo. Yachiwiri ndi ya ngolo yokhala ndi mabuleki, ndipo pa Hilux ndi Ranger zatsopano za dizilo imafika makilogalamu 3,500. Ogulitsa amakonda kutchula yachiwiriyi. Komatu ngolo zambiri zimene tili nazo m'makomo mwathu, kaya ndi Venter yaing'ono ya ku South Africa, kaya yowotcheredwa ndi amisiri a ku Mbare, zilibe mabuleki. Malire ake ndi 750 aja basi, ngakhale muikoke ndi Land Cruiser. Ndipo 750 ameneyo akuphatikiza kulemera kwa ngoloyo ili yopanda kanthu. Ngati ikulemera 250 payokha, mwatsala ndi 500, omwe ndi matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50. Amene anaonapo ngolo yochokera kumudzi akudziwa kuti matumba 10 sachedwa kukwana. Laisensi nayonso ili ndi mawu ake pa nkhaniyi: zatsopano za pulasitiki zimene zinayamba mu 2023 zimatsata magulu a SADC, momwe gulu B limalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo yolemera kuposa apo imafuna BE.

Nambala imene anthu saifunsa konse ndi ya katundu amene galimotoyo imaloledwa kunyamula pamsana pake. Tsegulani chitseko cha dalaivala, kapena boneti, mupeza kachitsulo kapena kapepala kolembedwa GVM. Kumeneko ndi kulemera konse kumene galimoto siyenera kupitirira, anthu ndi katundu zili momwemo. Mukachotsapo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, pa magalimoto ambiri a mipando 7 a mtundu wa Fortuner mumatsala ndi makilogalamu 600 kapena 700. Zikuoneka zambiri mpaka mutayamba kuwerenga. Akuluakulu anayi ndi ana atatu ndi 400 kale. Mutu wa ngolo umapsinja pa tow bar, chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto chokokera ngolo, ndipo uyenera kupsinja ndi 7 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwa ngolo yonse. Amenewo ndi makilogalamu 50 mpaka 75 amene galimoto yasenza. Chitsulo cha kutsogolo choteteza ku ng'ombe, keriyala ya padenga, batire yachiwiri ndi kafiriji, tinene 100. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo ku Mana simungapite ndi ochepera malita 60. Zigubu ziwiri za dizilo za malita 20 ndi pafupifupi makilogalamu 40. Mwafika pa 670 musanaike chikwama cha zovala ngakhale chimodzi. N'chifukwa chake ine ndimati ngolo si chinthu chodzionetsera. Galimoto ndi ya anthu, katundu apite m'ngolo, ndipo zapadenga zichepe, chifukwa galimoto yaitali ikalemera kumwamba imapendama pokhota.

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti ngolo ya ng'ombe siopsa pokwera chitunda. Imaopsa pa mtsetse, pamene katundu wayamba kukankha ng'ombe, goli lasendera kunyanga, woyendetsa akukuwa koma ng'ombe zilibe pogwira. Galimoto yokoka ngolo ndi chimodzimodzi. Ife timafunsa ngati injini ikoka, pamene funso loyamba n'lakuti iima kodi. Mitsetse yotiyesa tonse timaidziwa: kutsika kuchoka ku Marongora kulowa m'chigwa cha Zambezi, msewu wokhotakhota wa Makuti kupita ku Kariba, Christmas Pass polowa mu Mutare, ndipo kwathu kuja kutsetsereka kuchoka ku Dedza kupita ku Golomoti munthu akamalowera kunyanja. Pa mtsetse wautali, phazi likakhala pa buleki nthawi yonse, mabuleki amatentha, mafuta ake amawira, pedulo n'kufewa mpaka kufika pansi. Giya yotsika imalowetsedwa pamwamba, mtsetse usanayambe, kuti injini ndiyo igwire galimoto. Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi, ndiye amafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse ngakhale akuoneka bwino. Ndipo ngati ngolo yanu ikuyandikira 750 kawirikawiri, ndalama zimene mukufuna kuwonjezera pa galimoto yokongola ikani pa ngolo ya mabuleki. Mabuleki ake amagwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha cholumikizira, cholumikiziracho n'kukoka mabuleki a matayala ake.

Kukwera nakonso kuli ndi nkhani yake. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yaikulu. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse. Galimoto ya petulo imene ku Japan inali ndi mphamvu zake zonse, ikafika pa geti lanu ku Mabvuku yataya kale cha m'ma 15 peresenti. Ku Nyanga, kumene misewu ina imakwera kupitirira mamita 2,000 pansi pa phiri la Nyangani la mamita 2,592, imatayanso zina. Injini ya dizilo ya turbo imadzipopera mpweya yokha, ndiye siimva kwambiri kusiyanako, ndipo mphamvu yake yokoka imabwera injini isanakuwe. Mbali inayi kuli Tete. Kumeneko mwatsikira pansi penipeni, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Disembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Mukaoloka Zambezi, kaya pa mlatho wakale wa Samora Machel kaya pa watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, mumayamba kukwera pang'onopang'ono kuchoka ku Moatize mpaka ku Zobue, ngolo ili kumbuyo, eyakoni ikulira, ana atopa. Chilichonse chofooka pa radiyeta, pa fani kapena pa mapaipi a madzi chimaonekera pamenepo, kutali ndi makaniko wanu.

Apa m'pamene magalimoto a ex-Japan, ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, amene tonse timawakonda amafika pothera. Noah, Voxy, Serena, Wish, X-Trail ya petulo: ambiri mwa amenewa ali ndi giyabokosi ya CVT, imene imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri. M'tauni ndi yofewa ndipo siimwa mafuta. Ikakoka katundu wolemera pa chitunda dzuwa likuswa mtengo, mafuta ake amatentha, galimoto imadzichepetsa yokha mphamvu kuti idziteteze, ndipo ikazunzidwa choncho kawirikawiri lambayo amayamba kuterereka. Kuikonza ndi ndalama zambiri. Ku Japan anthu sakoka ngolo kawirikawiri, ndiye magalimoto ambiri a kumeneko amabwera opanda tow bar, ndipo imene imaikidwa kuno nthawi zina imangomangidwa pa malata a pansi pa buti. Sindikunyoza magalimoto amenewa. Noah yanyamula mabanja athu ambiri kupita ku maukwati ndi ku maliro, ndipo agogo amaikwera mosavuta kuposa galimoto ina iliyonse chifukwa cha chitseko chotsetsereka ndi kufupika kwake. Ngati maulendo anu ndi a Chivero ndi Chinhoyi, pa tala pokhapokha, ndi kangolo kopepuka ka matenti ndi mabulangete, ikhoza kukutumikirani, bola tow bar ikhale yopangidwira galimotoyo ndipo mafuta a giyabokosi azisinthidwa msanga. Koma musaiuze kuti ikoke matumba a mpunga kuchokera ku Mwanza. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2021 boma linaika malire pa kuitanitsa magalimoto opitirira zaka 10, ndiye Prado kapena Surf yakale yotsika mtengo muyenera kuisaka muno momwemo, pakati pa imene yayenda kale misewu yathu.

Tibwerere ku funso lija la panja pa tchalitchi. Pikapu ya double cab, kaya Hilux, Isuzu, Ranger kapena BT-50 imene inkalumikizidwa ku Willowvale muno mu Harare, imanyamula katundu wambiri kuposa galimoto ya mipando 7. Zambiri zimayandikira tani imodzi. Ndi yaitali pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo zimenezi zimaithandiza kukhazikika ikamakoka. Makala, gasi, dizilo ndi nsomba zouma zimakhala kunja, fungo silifika kwa anthu. Pakati pa sabata imagwira ntchito, imanyamula simenti ndi mapaipi. Ngati muli anthu asanu kapena ocheperapo, ine ndingakuuzeni kuti tengani pikapu, ndipo mwina mupeza kuti ngolo simukuifunanso pa maulendo ambiri. Vuto lake ndi limodzi: malamba ndi asanu. Wachisanu ndi chimodzi alibe pokhala, ndipo kwa ife wachisanu ndi chimodziyo ndi agogo, kapena mwana wa mchimwene amene tikulera. Mpando wakumbuyo wa mapikapu akale ndi woongoka, ndipo masipuling'i ake olimba amadumphitsa munthu wachikulire pikapu ikakhala yopanda katundu. Galimoto ya mipando 7 yomangidwa pa chasisi, monga Fortuner, Prado, Pajero Sport, Everest kapena MU-X, imathetsa vuto la mipando, koma onse akakhala buti imatsala yongokwana zikwama ziwiri. Pamenepo ngolo ndi yosapeweka. Chotero funso lenileni n'lakuti muli angati pa tsiku limene nonse mukupita.

Pa dizilo pali choyenera kusamala. Magalimoto a dizilo ochokera ku UK ndi ena atsopano ochokera ku Japan amakhala ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, imene imafuna dizilo woyera kwambiri ndi maulendo ataliatali kuti izidziyeretsa. Ikatsekeka muli ku Changara, nyale imayaka ndipo galimoto imakana kuthamanga. Ine ndimakonda magalimoto opangidwira chigawo chino: Hilux ndi Fortuner za ku Durban, Ranger ya ku Pretoria, Isuzu ya ku Gqeberha. Buku lake limanena zokoka momveka, ndipo masipeya ake ali paliponse. Makaniko wathu, mdzukulu wa anthu ochokera ku Ntcheu, anandiuza mawu amene ndimauzanso ena: “Achimwene, musanagule, yendani mu Kaguvi Street mufunse pampu ya madzi, maberingi ndi kilachi ya galimotoyo. Mukazipeza m'mashopu atatu, gulani. Kenako dzifunseni ngati mungazipeze ku Tete.” Safunsa anadya phula, ndipo kufunsa kumeneku sikudya ndalama.

Mukapeza imene mtima wagwa nayo, pitani m'mawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Dizilo yabwino imalira msanga, utsi wake n'kutha mu kanthawi kochepa. Utsi woyera kapena wabuluu wosatha, kapena kugogoda kwambiri, ndi chizindikiro choti ma injector, amene amapopera dizilo mu injini, kapena zina zam'kati zatopa. Tsegulani chivindikiro cha oyilo muone ngati pali zoyera zonata. Kenako gonani pansi, chovala chide. Yang'anani pomwe tow bar yagwira: iyenera kumangidwa ndi mabawuti pa chasisi, pa mabowo amene wopanga anaika, ndipo ikhale ndi kachitsulo konena kulemera kumene imatha. Yowotcherera pamwamba pa dzimbiri ndi yokachotsa. Mpira wake ndi wa mamilimita 50, ndipo ukakhala wodyeka mbali imodzi, galimotoyo yakoka zolemera kwa nthawi yaitali. Pamenepo yang'anitsitsani chasisi kumbuyo kwa matayala ngati pali ming'alu kapena zigamba zopakidwa penti yatsopano. Pa injini ya Toyota ya 3.0 D-4D, ya 120 kW ndi 343 Nm, imene ili mu Hilux ndi Fortuner zakale, timing belt, lamba woyendetsa mavavu a injini, imasinthidwa pa makilomita 150,000 aliwonse. Funsani risiti. Ngati palibe, ikani mtengo wosinthira pa mtengo wa galimoto. Ndipo musaganize kuti yakale imakoka zofanana ndi yatsopano chifukwa dzina ndi limodzi. Nambala yake ili m'buku lake, ndipo ndi yotsika kwambiri kuposa 3,500.

Nanga 4x4? Ku Nyanga, ku Kariba ndi ulendo wonse wa ku Blantyre ndi tala, ndipo 4x2 yokwera bwino imafika. Mana Pools ndi nkhani ina. Mumatenga chilolezo ku Marongora, kutsika mtsetse uja, kenako n'kusiya tala n'kuyenda makilomita oposa 70 a msewu wafumbi wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana mpaka ku Nyamepi. Msewu umenewo umamasula bawuti iliyonse imene siinamangidwe bwino, umathyola masipuling'i a ngolo zopepuka, ndipo mashokapu otopa amatheratu. M'paki mulibe mafuta kapena shopu. Mumadzaza thanki ku Karoi kapena ku Makuti. Zipatso saloleza kulowa nazo chifukwa njovu zimazinunkhiza, ndipo bokosi la nyama likagona panja afisi amalitafuna. Koma mukafika, n'kuona njovu ikutola nyemba za nsangu pafupi ndi tenti yanu, mapiri a ku Zambia ali tsidya la mtsinje, mumamvetsa chifukwa chimene UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kumeneko 4x4 ndi yofunika, makamaka pa mchenga. Ndipo kwathu mvula ikagwa, makilomita otsiriza ochoka pa tala kukafika pakhomo la amayi ndi matope ofiira, nthawi yake ndi yomweyo ya Disembala. Giya ya low range, yotsika kwambiri ya pa 4x4, ili ndi ubwino winanso: pobwerera m'mbuyo ndi ngolo pa kachitunda, galimoto imakwawa yokha osatentha kilachi.

Ngoloyo imafuna diso lofanana ndi la galimoto, ngakhale kuti imakhala miyezi yambiri itaima kuseri kwa nyumba. Matayala ake amakalamba asanathe mapanga. Pambali pa tayala pali manambala anayi otsiriza pa mzere wa DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Lopitirira zaka 6 musalikhulupirire pa tala wotentha wa ku Tete, ngakhale likuoneka latsopano. Ngati mukupangitsa ngolo, uzani amisiri aike mahabu a mabawuti 6 ofanana ndi a galimoto yanu. Hilux, Fortuner, Ranger ndi Isuzu zambiri zimagwiritsa muyeso umodzi wa mabawuti wa mamilimita 139.7, ndiye tayala la sipeya limatha kuthandiza konsekonse. Maberingi apakidwe girizi ulendo usanayambe, ndipo paliponse pamene mwaima, zungulirani mugwire habu ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda ndi bwino. Kutentha koti dzanja silikhala, musapitirire. Popakira, zolemera zikhale pansi, pamwamba pa ekiselo ndi patsogolo pake pang'ono. Ngolo yolemera kumchira ndiyo imayamba kuvina kumbuyo mukafika 80 kapena 90, makamaka thiraki ikakudutsani. Ikayamba, chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero chilunjike, osaponda buleki mwamphamvu, isiyeni ikhazikike yokha. Kenako imani mupakirenso. Tcheni chotetezera chikhale chomangidwa nthawi zonse.

Mapepala ndiwo amabweza anthu pa chipata. Ngolo ndi galimoto payokha pamaso pa malamulo: buku lake, nambala yake, disiki yake ya msonkho wa msewu ya ku ZINARA ndi inshuwalansi yake. Musagule yopanda nambala ya chasisi ngakhale itsike mtengo bwanji, chifukwa pa Nyamapanda adzafuna kuilemba pa chilolezo cholowera. Muno imafunika chilembo T chowala, choyera kutsogolo ndi chofiira kumbuyo. Ku Mozambique wokoka ngolo amamata chizindikiro cha buluu chokhala ndi ngodya zitatu zachikasu kutsogolo kwa galimoto ndi kumbuyo kwa ngolo, ndipo majekete owala akhale m'kati pafupi. Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto ya bungwe la maiko la COMESA, imagwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia, koma Mozambique siili m'bungwe limeneli, ndiye inshuwalansi ya kumeneko mumagula padera. Chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimoto si yakuba chitengedwe nthawi ikadalipo, ndipo ngati galimoto siili m'dzina lanu, kalata ya mwini wake ikhale m'manja.

Ife tinatenga Fortuner yakale ya dizilo ya 4x4, ndi ngolo ya mabuleki yosakula kwambiri. Sindinganene kuti ndi yotsika mtengo kuisunga. Matayala ake anayi ndi ndalama zoti munthu akhale pansi, ndipo m'tauni imamwa kuposa kagalimoto ka Honda Fit ka mnansi wanga. Mabanja ena amasunga kagalimoto kakang'ono ka tsiku ndi tsiku, n'kubwereka kapena kuchita hayala yaikulu pa nthawi ya ulendo, ndipo ngati mumayenda kamodzi pa chaka nzeru imeneyo ndi yabwino kuposa ngongole. Ife tinaona kuti tikuyenda mokwanira. Akazi anga anaikapo mfundo imodzi tisanalipire. Anati, “Bambo, ngati sindingathe kuiyendetsa ndi ngolo, musagule. Mukadwala ku Tete titani?” Anaiyesa okha, anakonza mpando ndi magalasi, ndipo anaphunzira kubwerera m'mbuyo ndi ngolo pa bwalo la mpira lopanda anthu mpaka dzanja linazolowera kuti ngolo imapita mbali yosiyana ndi kumene mwapotoza. Pa ulendo wautali timasinthana.

Ulendo waukulu usanafike, timapakira zonse monga momwe zidzakhalire, anthu onse m'mipando yawo, n'kupita ku Chivero, makilomita 30 ndi pang'ono pa msewu wa Bulawayo. Tisananyamuke ndimaima pambali ndi kuyang'ana ngati kumbuyo kwa galimoto kwatsika, mphuno n'kuloza kumwamba. Zikatero katundu wina amachoka m'buti kupita m'ngolo, kapena amatsala. Mwana mmodzi amaima kumbuyo kundiuza ngati nyale za buleki ndi zokhotera za ngolo zikuyaka. Panjira ndimayesa mabuleki pamalo opanda magalimoto, ndimayang'ana singano ya kutentha pa chitunda, ndipo tikafika ndimagwira mahabu. Timagona usiku umodzi, n'kudziwa mtengo wa tenti umene wasowa ndi mbaula imene ikutaya gasi. Zimene zapezeka kumeneko zimakonzedwa muno sabata yomweyo, makaniko ndi masipeya zikadali pafupi.